Khadi ndi Lathu, Nanga Womasulira ndi Wayani?

Alimi anzathu, nkhani ya ulendo uno ioneka ngati ya anyamata a makompyuta a m'tauni, koma tikupemphani muiwerenge modekha chifukwa ikukhudza thumba lanu la feteleza, ngongole ya kalabu ndi ndalama za soya wanu.

Tiyambe ndi zomwe zinatigwera ife eni. Ku kopaletivi ina ya mamembala athu, bungwe lina lothandiza alimi linabweretsa makhadi. Membala aliyense analandira khadi lake lokhala ndi kachitsulo konyezimira, ndipo mlembi anapatsidwa laputopu ndi kamakina kolowetsamo makhadiwo. Mlimi akafika ndi mtedza pa sikelo ankalowetsa khadi, kulemba nambala yake yachinsinsi, makilogalamu n'kulembedwa pomwepo iye akuona. Mikangano ija ya "ine ndinapereka matumba asanu, inu mwalemba anayi" inatheratu. Tinaombera m'manja. Patapita nyengo zingapo pulojekiti inatha, alendo ananyamula zikwama zawo, ndipo laputopu ija inafa monga zimafera zipangizo zonse. Mamembala anasonkherana n'kugula ina yatsopano. Kamakina kaja tikakalumikiza kankayaka ndithu, makhadi anali abwinobwino, pulogalamu yolembera katundu nayo inalowa mu laputopu yatsopanoyo popanda vuto. Koma kulowetsa khadi, zii. Mnyamata wokonza makompyuta wa paboma analimbana nazo tsiku lonse, madzulo n'kutiuza kuti chavuta ndi kafayilo kamodzi kochokera ku kampani yomwe inapanga makhadiwo: komwe tinali nako kanapangidwira Windows yakale, ndipo yatsopano inkakakana. Titalembera kampaniyo, yankho linali lakuti makhadi a mtundu umenewo inasiya kuwasamalira, tigule atsopano ndi kulembetsa mamembala onse kachiwiri. Chaka chimenecho tinabwerera ku kope ndi bolopeni.

Kafayilo kameneka akatswiri amakatcha library, koma si laibulale ya mabuku ayi. Ife m'nkhani ino tikatcha womasulira, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo. Maganizo athu ndi akuti aliyense amene akugulira alimi makhadi, kaya ndi boma, banki, bungwe lomwe si laboma kapena komiti yathu yomwe, asamalipire khadi lokha. Azionetsetsa kuti womasulirayo nayenso walembedwa mu mgwirizano, ali m'manja mwa ogula, ndipo akulankhula chinenero chomwe makampani ena angachimve. Kupanda apo tagula nyumba koma kiyi watsala ndi mmisiri.

Kuti timvetsetsane, tione kaye momwe khadi limagwirira ntchito. Kachitsulo mumakaona pa khadi la kubanki kaja ndi khomo chabe. Kuseri kwake kuli kakompyuta kakang'ono zedi kotchedwa chip, ndipo m'kati mwa chip imeneyi muli kiyi wachinsinsi, yemwe kwenikweni ndi nambala yaitali kwambiri. Ubwino wake wonse wagona poti kiyiyu satuluka m'khadimo. Kompyuta siuza khadi kuti "ndipatse kiyi wako". Imalitumizira uthenga n'kulipempha kuti lisaine, ndipo khadi likatsimikiza kuti nambala yachinsinsi kapena chala ndi cha mwini wake, limasaina m'kati momwemo n'kubweza siginecha yokha. N'chifukwa chake khadi la chip n'lovuta kulikopera, kusiyana ndi kuponi yapepala. Palinso timakina tina tooneka ngati fulashi totchedwa token, tomwe asungichuma ndi akuluakulu a m'maofesi ena amalowetsa mu kompyuta povomereza malipiro kapena posaina zikalata. M'kati mwake muli chip yamtundu womwewo. Ndipo izi si zamasewera: lamulo lathu la Electronic Transactions and Cyber Security Act la m'chaka cha 2016 limavomereza siginecha ya pa makina.

Vuto limayambira poti makhadi salankhula chinenero chimodzi. Pali muyezo wa padziko lonse wotchedwa ISO 7816 womwe umanena malo a kachitsulo kaja ndi kapangidwe ka mauthenga opita ku chip. Koma momwe zinthu zasanjidwira m'katimo, kiyi ali pati, dzina la mlimi lili pati, mupemphe motani kuti khadi lisaine, kawirikawiri kampani iliyonse imakonza mwa njira yake. Choncho pulogalamu ya kopaletivi singalankhule ndi khadi mwachindunji. Pakati pamafunika womasulira, ndipo nthawi zambiri womasulirayo amapangidwa ndi kampani yomwe yagulitsa khadi. Nonse munakhalapo pa msonkhano womwe kunabwera alendo akunja. Womasulira akadwala tsiku limenelo, alendo alipo, mfumu ilipo, anthu adzaza bwalo, koma msonkhano palibe.

Akatswiri analiona kalekale vuto limeneli. M'chaka cha 1995 a RSA Laboratories a ku America anasindikiza muyezo wotchedwa PKCS #11, womwe kuyambira mu 2013 ukuyang'aniridwa ndi bungwe la OASIS. Muyezowu umanena kuti pulogalamu iliyonse izipempha zinthu kwa womasulira m'njira imodzi yodziwika: tsegula khadi, landira nambala yachinsinsi, peza kiyi, saina. Kampani ikapereka womasulira wotsatira muyezowu, pulogalamu yomwe inalembedwa kamodzi imatha kugwira ntchito ndi makhadi a kampani ina mawa, pongosintha kafayilo kaja. Timakina tolowetsamo makhadi natonso tili ndi muyezo wake wotchedwa PC/SC. Palinso womasulira waulere wotchedwa OpenSC, yemwe amamva makhadi a mitundu yambiri ndipo katswiri aliyense angathe kuona momwe analembedwera. Mayinawa ndi ouma, tikudziwa, koma aloweni pamtima kapena alembeni kuseri kwa buku la kalabu. Tsiku lomwe wogulitsa makhadi adzafike ndi tayi wake, ndi mayina amenewa omwe adzamuonetse kuti sakulankhula ndi ana.

Komabe tisanamizane kuti muyezo wokha umathetsa zonse. Ngakhale womasulira atatsatira PKCS #11, kafayiloko kamayenera kupangidwa padera pa mtundu uliwonse wa makina: ka Windows ndi kena, ka Linux ndi kena, ka mafoni a Android ndi kenanso. Ndipo makina sakhalitsa. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu January 2020, ndipo nthawi ya Windows 10 inatha mu October 2025. Khadi lapulasitiki limakhala m'chikwama zaka zambiri, pomwe kompyuta ya pa ofesi imasinthidwa kawiri kapena katatu m'zaka zomwezo. Ngati palibe yemwe analonjeza molemba kuti azikonzanso womasulira makina akasintha, zomwe zinatichitikira ife zidzakuchitikirani inunso.

Mwina wina anganene kuti zinthu za makina zimangokhala choncho, palibe chochita. Si zoona, ndipo umboni uli m'thumba mwanu momwemo. Simukhadi ya mufoni yanu nayo ndi khadi la chip. Mukachotsa simu ya TNM kapena ya Airtel mufoni ya itel n'kuika mu Tecno kapena Nokia yakale ya agogo, imagwira pompo. Simulembera kalata kampani iliyonse. Izi zimatheka chifukwa opanga mafoni ndi makampani a netiweki anagwirizana chinenero chimodzi kuyambira pomwe mafoni a GSM ankayamba. Chimodzimodzi makhadi a kubanki a Visa ndi Mastercard: amatsatira muyezo wotchedwa EMV, n'chifukwa chake khadi la banki ina limalipira pa kamakina ka banki ina m'sitolo. Pamene makampani aona kuti phindu lawo lili pa kugwirizana, amagwirizana msanga. Pamene ogula ndi alimi omwazikana m'midzi, osafunsa mafunso, phindu limakhala pa kutitsekera m'khola limodzi.

Dziko lathu lino si lachilendo pa nkhani ya makhadi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, banki yaikulu ya Reserve inakhazikitsa Malswitch, yomwe inkagwiritsa ntchito luso la kampani ya Net1 ya ku South Africa. Makhadi ake ankasunga zidindo za zala ndi ndalama zotsala m'khadi momwemo, kotero anapangidwa kuti azitha kugwira ngakhale pamalo opanda netiweki. Banki ya Opportunity inatsegulira nawo maakaunti anthu ambiri akumudzi omwe analibe pasipoti kapena laisensi, ndipo pa njala ya 2006 mpaka 2007 bungwe la Concern Worldwide linagwiritsa ntchito makhadi otere pogawa ndalama ku Dowa, ambiri mwa olandira ali amayi. Linali luso labwino ndipo tiyenera kunena choncho. Mayi ankadziwa kuti ndalama sizingatuluke popanda chala chake. Koma khadi limenelo linkagwira pa makina a Malswitch okha. Kufika pa makina a banki yomwe sinali m'gulumo, khadi linali pulasitiki chabe. Zinatengera mpaka 2015, pomwe National Switch inayamba kulumikiza makina a mabanki, kuti munthu azitapa ndalama pa makina a banki ina iliyonse m'dziko muno.

Tibwere ku zipangizo zotsika mtengo, komwe kuli mtima wa ambiri a ife. Mu 2005 boma linayambitsa ndondomeko ya makuponi apepala, ndipo tonse tikukumbukira momwe ankagulitsidwira kwa mavenda ndi momwe ena ankasindikizira achinyengo. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni n'kuwapatsa zitupa za unzika, zomwe nazo zili ndi chip. Pomwe ndondomeko ya AIP inkayamba mu 2020, thumba la feteleza la makilogalamu 50 lili pa K4,495, chitupa ndi chomwe chinalowa m'malo mwa kuponi. Wogulitsa ankajambula chitupa ndi foni, foniyo n'kufunsa ku makina aakulu kudzera pa netiweki ngati mlimiyo ali pa mndandanda. Netiweki ikagwa, mzere sunkayenda. Sitikufunika kukufotokozerani za amayi omwe anagona pa madepoti ndi ana kumbuyo, mvula yoyamba itagwa kale. Ena mwa inu ndinu amene munagonako.

Ndiye tili ndi mafunso kwa akuluakulu oyang'anira zitupa ndi a ku unduna wa zamalimidwe, ndipo tikufunsa mwaulemu monga nzika zomwe zitupazo ndi zathu. Chip yomwe ili m'chitupa ingathandize motani kutsimikiza mlimi pamalo pomwe netiweki imavuta? Womasulira wa chip imeneyi ali m'manja mwa yani? Mnyamata kapena mtsikana wophunzira za makompyuta ku Zomba, ku Thyolo kapena ku Mzuzu atafuna kulemba pulogalamu yoti makopaletivi azitsimikizira mamembala awo pogwiritsa ntchito chitupa, njira yopemphera chilolezo ndi iti, ndipo malamulo ake ndi otani? Tikudziwa kuti popanda netiweki munthu wosakhulupirika angayese kugula kawiri m'madepoti awiri. Limeneli ndi vuto lenileni. Koma ndi vuto lomwe akatswiri athu angalifunire njira ngati khomo lolankhulira ndi khadi lili lotseguka kwa iwo, osati kwa kampani imodzi yokha.

Pali chifukwa china chomwe nkhaniyi ilili yaikulu kuposa laputopu ya kopaletivi imodzi, ndipo chitsanzo chake tichitenga kutali, ku Estonia. Ili ndi dziko laling'ono la ku Ulaya la anthu pafupifupi 1.3 miliyoni, komwe chitupa cha chip amasainira nacho zikalata, kulowera ku banki ngakhalenso kuvotera pa intaneti. Mu 2017 akatswiri a pa yunivesite ya Masaryk mumzinda wa Brno ku Czech Republic anapeza cholakwika mu library ya kampani ya Infineon ya ku Germany. Imeneyi sinali ya pa kompyuta ngati yathu ija, koma ya m'kati mwa chip mwenimwenimo, yomwe inkapanga makiyi achinsinsi. Makiyi omwe inkapanga anali ofooka moti munthu wokhala ndi makompyuta amphamvu akanatha kuwatulukira popanda kuligwira n'komwe khadilo. Cholakwikacho chinakhalamo zaka zingapo osaoneka, chifukwa kalembedwe ka library imeneyo kanali chinsinsi cha kampani. Zitupa zoposa 700,000 za ku Estonia zinakhudzidwa, kuposa theka la anthu a m'dzikomo, ndipo mu November chaka chomwecho boma linaimitsa ntchito ya makiyi a zitupa zomwe zinali zisanakonzedwe.

Chomwe chinawapulumutsa n'chakuti pulogalamu yolankhula ndi zitupazo pa kompyuta inali ya boma lawo, yolembedwa poyera, ndipo anali ndi akatswiri awoawo oidziwa. Anakonza njira yoti munthu alowetse chitupa mu kompyuta kunyumba kwake kapena ku ofesi ya apolisi, chip n'kupanga kiyi watsopano wamtundu wina. Sanafunike kusindikizanso zitupa zonse. Taganizani zitachitika kwa ife, pa makhadi omwe womasulira wake ali ndi kampani yomwe mgwirizano wake unatha zaka zitatu zapitazo. Ndipo zotere sizinathere pomwepo. Mu 2024 kunapezekanso cholakwika china mu library ya kampani yomweyo, chomwe chinakhudza ma token otchuka a YubiKey. Ichi chinali chovuta kuchigwiritsa ntchito chifukwa wakuba amayenera kukhala ndi token m'manja komanso zipangizo zapadera, koma ma token akalewo sakonzeka; wofuna kukhala ndi mtendere amangogula wina.

Ogulitsa ena akamva mawu akuti "poyera" amatiopseza kuti tikatero akuba adziwa zonse. Tisagwe nazo mphwayi. Aliyense amadziwa momwe loko wa pankhokwe kapena pa sitolo amagwirira ntchito, ndipo amagulitsidwa pa msika uliwonse, koma chomwe chimateteza chimanga ndi kiyi yemwe ali m'thumba mwa mwini. Chinsinsi chiyenera kukhala kiyi wa m'khadi ndi nambala ya mlimi, osati chinenero cholankhulira ndi khadilo. Sitikunenanso kuti makampani azigwira ntchito yaulere. Alipidwe, ndipo alipidwe bwino pa ntchito yabwino. Chomwe tikukana ndi kulipira kampani chifukwa choti tilibe kolowera kwina.

Tsono mgwirizano wogulira makhadi uzinena chiyani? Poyamba penipeni, uzinena kuti womasulira atsatire muyezo wodziwika monga PKCS #11, kamakina kowerengera katsatire PC/SC, ndipo izi ziyesedwe pamaso pa ogula ndi pulogalamu yomwe sinalembedwe ndi kampaniyo, ndalama yomaliza isanaperekedwe. Uzinena zaka zomwe kampani idzakhale ikukonza womasulirayo makina akasintha, ndipo zakazo zisachepere moyo wa khadi. Kampani ikatseka kapena ikasiya makhadi amenewo, zolemba zonse za momwe khadi limalankhulira zipite kwa ogula kuti katswiri wina apitirize. Palinso makiyi ena omwe ambiri sitiwadziwa, makiyi a utsogoleri omwe amalola munthu kulemba kapena kusintha zinthu m'khadi. Amenewa azisungidwa ndi eni makhadi, osati ogulitsa.

Pa zidindo za zala tikufuna tiimepo pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe mlimi amalipira ndi miyendo yake. Makina sasunga chithunzi cha chala chonse m'khadi, amasunga manambala ofotokoza mizere ya chalacho. Pali muyezo wa padziko lonse wosungira manambalawa, wotchedwa ISO 19794, koma makampani ena amasunga mwa njira yawoyawo yomwe makina a kampani ina sangawerenge. Zikatero, kusintha kampani ndiye kuti aliyense akaimenso pa mzere kukadinda zala. Kwa bwana wa mu ofesi ili ndi tsamba limodzi la bajeti. Kwa ife ndi tsiku lathunthu losapita kumunda, ndalama ya kabaza, ndi agogo omwe zala zawo zinasalala ndi khasu kubwezedwa katatu chifukwa makina akukana. Popeza tsopano tili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la Data Protection Act la 2024, mgwirizano uzinenanso momveka kuti zidindozo zikusungidwa kuti, ndipo kampani ikachoka idzazibweza ndi kuzifufuta motani.

Pempho lathu likupita ku bungwe loona za kagulidwe ka katundu wa boma la PPDA kuti mfundo zoterezi zizikhala m'matenda onse a makhadi ndi ma token, osati kungoona yemwe watchula mtengo wotsika. Mtengo wotsika wa tsiku loyamba ndi nyambo ngati womasulira adzagulitsidwa padera chaka chilichonse. Likupitanso kwa abwenzi athu a mabungwe omwe amabwera ndi mapulojekiti a zaka zitatu: tikuthokoza thandizo lanu, koma musanatseke ofesi tisiyireni mafayilo, makiyi ndi mapepala a mgwirizano, ndipo muphunzitse munthu mmodzi kapena awiri a m'dera momwemo.

Koma chala chisaloze kunja kokha. Pa nkhani ya kopaletivi ija, ife atsogoleri tinasaina chikalata cholandirira katundu osafunsa kalikonse. Tinawerenga makhadi, tinawerenga timakina, tinajambulitsa ndi alendo, basi. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ife tinalidyadi. Zinthu zikabwera ngati mphatso timachita manyazi kufunsa, ngati kuti kufunsa ndi kusayamika. Chonsecho mbiri ya zokolola za mamembala, yomwe ikanawathandiza kupeza ngongole ku banki, inatsekeredwa m'makhadi amenewo.

Ngati kalabu, asosiyeshoni kapena kopaletivi yanu ikugwiritsa ntchito makhadi kapena token pakadali pano, pa msonkhano wa komiti ukubwerawu mlembi atulutse mgwirizano ndipo muuwerenge pamodzi, ngakhale patafunika kuitana mphunzitsi wa pasukulu kuti athandize Chingerezi chake. Funsani komwe kuli kafayilo ka womasulira, ndipo kakoperedwe pa fulashi ziwiri, imodzi kwa mlembi, ina kwa msungichuma. Yesani makhadiwo pa kompyuta ina lero, yomwe muli nayo isanafe. Zomwe mupeze mutidziwitse kudzera kwa alangizi kapena ku ofesi ya bungwe ya m'boma lanu, kuti pokakumana ndi akuluakulu ku Lilongwe tikakhale ndi nkhani zochokera m'madera ambiri osati ya kopaletivi imodzi. Makhadi athu aja akadali m'katoni mu sitolo ya kopaletivi, pamwamba pa masaka, aliyense ndi dzina la mwini wake.